Mphemvu nayo ili ndi dzina

Nkhani ya sabata ino ikhoza kuchititsa ena nseru, choncho amene mukuwerenga mbale ya nsima ili patsogolo, yambani mwatsiriza kaye kudya. Tikukamba za mphemvu, komanso za anthu a m'maiko ena amene amaziweta mwadala. Amazigula ndi ndalama zawo, amazikonzera nyumba yagalasi ndipo amazidulira zipatso tsiku ndi tsiku, monga ena amasamalira nkhunda kapena mbira.

Kwa ife mphemvu ndi mphemvu basi. Ikatulukira pansi pa kabati palibe amene amafunsa kuti ndi yamtundu wanji, patapata ndiye amayankha. Dzina lomwelo timaitanira kakang'ono kothamanga m'mbale usiku, lomwelonso timaitanira chachikulu chofiira cha kuchimbudzi. Koma akatswiri a tizilombo alemba kale mitundu ya mphemvu yoposa 4,500. Mwa mitundu yonseyi, pafupifupi 30 yokha ndi imene imakhala pafupi ndi anthu, ndipo yovutitsadi m'nyumba ndi yowerengeka ndi zala. Ina yonse ili m'nkhalango, m'mapanga ndi m'zipululu, kudya masamba ofota ndi mitengo yowola, kubwezera chonde m'nthaka. Akuluakulu adati nsomba ikawola imodzi zonse zawola. Mphemvu zochepa zakuba m'khitchini zinaipitsa mbiri ya fuko lonse.

Yotchuka kuposa zonse pakati pa oweta ndi ya ku Madagascar, imene akatswiri amaitcha Gromphadorhina portentosa. Imatalika masentimita 5 mpaka 7, ngati chala chamkombaphala cha munthu wamkulu. Ilibe mapiko, siluma, ndipo ukaiika pachikhatho imayenda mwaulemu, osati mwaliwiro ngati zinzake za m'nyumba. Chimene chinaitchukitsa ndi kulira kwake. Nkhululu imalira pokhulanitsa mapiko, koma iyi imafinya mpweya kudzera m'timabowo tiwiri topumira ta m'mbali mwa mimba, n'kumveka kuti fwiii, ngati tayala la njinga labayidwa ndi minga. Imalira ikadzidzimuka, ndipo zamphongo zimaliranso pomenyana ndi pofunsira. Yamphongo ili ndi zotundumuka ziwiri zangati nyanga pamwamba pa mutu, zimene imagundira inzake monga achitira atonde awiri akakumana m'khola limodzi. Yaikazi siikira mazira poyera. Imasunga kathumba ka mazira m'mimba kwa miyezi pafupifupi iwiri, kenako ana 30 kapena kuposa apo amatuluka amoyo, oyera mbee ngati mpunga wophika. Ikasamalidwa bwino imakhala zaka ziwiri mpaka zisanu.

Malo osungira nyama a Bronx Zoo mumzinda wa New York anaona msika pa mphemvu imeneyi. Kuyambira mu 2011, nyengo ya Valentine ikafika, anthu amapereka kangachepe kuti mphemvu imodzi itchedwe dzina la wokondedwa wawo, ndipo ndalamazo zimapita ku ntchito yoteteza nyama. Ngati dzina likupita kwa wokondedwa wa lero kapena amene anakusiyani chaka chatha, zimenezo ndi za mumtima mwa wopereka.

Ku Queensland m'dziko la Australia kuli ina yolemera kuposa mphemvu zonse, Macropanesthia rhinoceros, imene imatha kupitirira magalamu 30. Imakumba una wakuya pafupifupi mita imodzi, imakokeramo masamba ouma a bulugamu, ndipo mayi amakhala ndi ana ake mu unamo kwa miyezi ingapo. Ikhoza kukhala ndi moyo zaka 10, zimene agalu ambiri a m'midzi mwathu sazifika. Ku India kuli Therea petiveriana, yakuda bii yokhala ndi madontho oyera, imene imatengera maonekedwe a chikumbu china cholavula madzi owawa kuti adani aziiopa. Ku Cuba ndi zilumba zoyandikana nako kuli Panchlora nivea, yobiriwira ngati tsamba lanthete la nthochi. Ngakhale kuno ku Africa tili nazo zimene a ku Ulaya amazisirira. Mitundu ya Gyna, yosalala ndi yonyezimira ngati mbale yadothi ya alendo, imachokera kuno. Kwa mnyamata wa ku Berlin, yachilendo ndi ya kwathu.

Kawetedwe kake si kovuta. Pamafunika bokosi lagalasi kapena lapulasitiki lokhala ndi chivundikiro cholowa mpweya, pansi dothi ndi masamba ouma, ndi makungwa kapena mathireyi a mazira oti zizibisalamo, pakuti mphemvu sikonda kuwala. Chakudya ndi zipatso, karoti, masamba ndi chakudya chouma cha agalu kapena nsomba. Zotsala zimachotsedwa zisanachite chuku. Ya ku Madagascar imakwera galasi ngati ikuyenda pabwalo, choncho oweta amapaka mafuta a Vaseline kuzungulira kukamwa kwa bokosi kuti iziterereka. Pali enanso amene saweta chifukwa chokonda mphemvu, koma kuti azidyetsa abuluzi, ananzikambe ndi akangaude akuluakulu amene amasunga m'nyumba. Amenewa amakonda Blaptica dubia ya ku South America, chifukwa siikwera galasi, sinunkha kwambiri ndipo imaswana mosavuta.

Zonsezi munthu aliyense akhoza kuziphunzira sabata imodzi. Chimene chimatenga zaka, ndipo ndicho chimasiyanitsa woweta weniweni ndi wongotengeka, ndi kudziwa dzina loona la chimene chili m'bokosimo. Oweta okhwima amamata kapepala pabokosi lililonse: dzina la mtundu, dziko limene unachokera, amene anawapatsa ndi tsiku limene analandira. Ku Britain kunakhazikitsidwa gulu lotchedwa Blattodea Culture Group mu 1986, loti oweta azigawana mphemvu ndi nzeru. Katswiri George Beccaloni, amene anagwira ntchito zaka zambiri ku Natural History Museum mumzinda wa London, anasonkhanitsa maina a mitundu yonse yodziwika mu kaundula wotchedwa Cockroach Species File. Anthu akuluakulu, ophunzira bwino, kuthera moyo wawo pa maina a mphemvu! Mwina mukuseka, koma tiyeni tione chifukwa chake.

Choyamba, maina amene mphemvu zimayendera pamsika ndi onama. Kakang'ono ka m'makabati mwathu, kotalika sentimita imodzi ndi theka, kokhala ndi mizere iwiri yakuda pachishango cha pamwamba pa mutu, kamatchedwa mphemvu ya ku Germany. Carl Linnaeus ndiye anakapatsa dzinalo mu 1767. Koma kafukufuku wa DNA amene anasindikizidwa mu 2024 anaonetsa kuti makolo ake ndi a kumwera kwa Asia, chakumadera a India ndi Myanmar, ndipo kanapatukana ndi mbale wake wakutchire zaka pafupifupi 2,100 zapitazo. Chachikulu chofiira cha m'zimbudzi ndi m'ngalande chimatchedwa cha ku America, chikhalirecho kwawo ndi kuno ku Africa. Chinawoloka nyanja pa zombo zamalonda kuyambira m'zaka za m'ma 1600. Ya ku Suriname nayo si ya ku Suriname, ndi ya ku Asia. Wokhulupirira dzina la pamsika ali ngati munthu wogula mbewu m'thumba lopanda chizindikiro.

Chachiwiri, maso okha amanyenga. Blaptica dubia yamphongo ili ndi mapiko aatali ophimba thupi lonse, pamene yaikazi ili ndi timapiko tachibwana, msana uli pamtunda. Wosadziwa akhoza kuziika m'mabokosi awiri kuti ndi mitundu iwiri, n'kumadabwa kuti bwanji siziswana. Ana a mphemvu yobiriwira ija ya ku Cuba si obiriwira, ndi oderako ndipo amakhala m'dothi. Mphemvu yoyera mbuu imene ena amaiyesa yachilendo, kapena yotumizidwa ndi anthu oipa mtima, ndi mphemvu wamba imene yangofundula kumene, ndipo pakapita maola ochepa khungu latsopano limauma n'kuda. Pathupi pa ya ku Madagascar pamayenda tinthata tating'ono. Woyamba kumene kuweta amafuna kutichotsa, osadziwa kuti timeneti sitiyamwa magazi. Timadya nyenyeswa za chakudya pathupi la mphemvuyo, ndipo potero timachepetsa chuku.

Ndiye wofuna kudziwa mtundu amayang'ana chiyani? Amayamba ndi chishango cha pamwamba pa mutu, mawanga ake ndi kaumbidwe kake. Amaona kutalika kwa mapiko, minga ya m'miyendo, ndi kumapeto kwa mimba chakunsi, kumene zamphongo za mitundu yambiri zili ndi timinga tiwiri tating'ono timene zazikazi zazikulu zilibe. Nthawi zambiri amayenera kudikira miyezi kuti mwana akule, chifukwa ana a mitundu yoyandikana amafanana ngati mapasa. Zikavutitsitsa, yamphongo imodzi imaperekedwa nsembe kuti ziwalo zake zoberekera ziyang'anidwe pa maikulosikopu, kapena kachidutswa kamatumizidwa kukapimidwa DNA. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kudekha kumeneku kuli ndi phindu ngakhale kwa amene saweta. Mu 1986 ku Florida kunapezeka mphemvu yofanana kwambiri ndi ija ya ku Germany, yotchedwa Blattella asahinai, mbale wake wakutchire uja. Pamaso n'zovuta kuzisiyanitsa, koma makhalidwe ndi osiyana. Ya ku Germany imakhala m'nyumba, imathawa kuwala ndipo siuluka. Inayo imakhala panja m'masamba, imauluka bwino ndipo imatsata nyali madzulo. Wopopera mankhwala m'khitchini pofuna kuthana ndi imene imagona panja akutaya ndalama, ndipo akudyetsa ana ake poizoni pachabe.

Amene mwakhala mukulavula malovu kuyambira ndime yoyamba, imvani izi. Mu 2007 akatswiri atatu a ku London, Daegan Inward, George Beccaloni uja ndi Paul Eggleton, atapima DNA ya mitundu yambiri, anatsimikiza kuti chiswe ndi nthambi imodzi ya banja la mphemvu. Mbale wake wapafupi ndi mphemvu yodya mitengo yotchedwa Cryptocercus, imene imakhala m'zipika zowola ku North America ndi ku Asia, bambo, mayi ndi ana pamodzi. Lero m'mabuku a akatswiri chiswe ndi mphemvu zili m'gulu limodzi. Tanthauzo lake mwaliona kale. Ngumbi zija timazitchera pachulu mvula yoyamba ikagwa, n'kuzikazinga ndi kamchere, ndi mphemvu zimene zinasankha kukhala ndi mfumukazi. Sindikunena kuti musiye kudya. Ndikungoti tisafulumire kuseka mzungu amene akusisita mphemvu, ife tikutsitsira nsima msuweni wake.

Tsopano tifike pamene pagona nkhani. Kusadziwa dzina kumaononga m'njira ziwiri, ndipo yoyamba ndi kutha kwa mtundu. Mphemvu zolira za ku Madagascar zilipo mitundu ingapo yofanana, ndipo ina ikaikidwa m'bokosi limodzi imakwerana n'kubereka ana osakanizika. Chimodzimodzi mitundu ya Blaberus ya ku Central America ndi South America. Woweta wosasamala amagulitsa ana amenewo ndi dzina la mtundu weniweni, wogula naye amagawira anzake, ndipo pakapita zaka palibe amene angalumbire kuti chimene ali nacho n'chiyani. Alimi a nkhuku akudziwa zimenezi. Tambala wa Mikolongwe akalowa m'mudzi, pakatha mibadwo itatu simungalozenso kuti iyi ndi ya Mikolongwe, iyi ndi yachikuda. Pa nkhuku mwina palibe chodandaulitsa. Koma pali mphemvu zina zimene bokosi la woweta ndilo mudzi wawo womaliza.

Chitsanzo ndi Simandoa conserfariam. Inapezeka m'phanga lina m'mapiri a Simandou m'dziko la Guinea, kumene inkadya zitosi za mileme. Louis Roth ndi Piotr Naskrecki ndiwo anailemba m'mabuku mu 2004. Naskrecki ameneyu pambuyo pake anakagwira ntchito ku Gorongosa, kwa anansi athu ku Mozambique. Mapiri a Simandou ali ndi miyala yachitsulo yochuluka zedi, ndipo malo amene mphemvuyi inapezeka anasokonezedwa ndi ntchito za migodi. Lero imawerengedwa ngati inatha kutchire. Zimene zilipo ndi zidzukulu za zochepa zimene akatswiri aja anatola, ndipo zikukhala m'mabokosi a oweta ku Ulaya ndi ku America. Palibe boma limene linapatula ndalama zopulumutsira mphemvu ya m'phanga, pakuti ndalama zotere zimapita kwa njovu ndi zipembere. Anaisunga ndi anthu wamba aja timawaseka, amene amalemba dzina pakapepala ndi kukana kusakaniza.

Njira yachiwiri ndi yoopsa kwambiri, ndipo ndi imene ikutikhudza. Choweta chikathawa chimasanduka chilombo. Mphemvu ya ku Turkestan, ya kuchigawo chapakati cha Asia ndi Middle East, inaoneka koyamba ku America mu 1978 pamalo osungira katundu wa asilikali ku California. Pambuyo pake oweta abuluzi anaikonda chifukwa imaswana msanga, ndipo inayamba kugulitsidwa pa intaneti n'kumatumizidwa m'mapaketi. Mu 2013 akatswiri Tina Kim ndi Michael Rust a ku University of California, Riverside, analemba kuti mphemvuyi inali ikulanda malo a mtundu wina wakale m'mizinda ya kumwera chakumadzulo kwa dzikolo. Ya ku Suriname ija ndiye imaposa apa. Siifuna yamphongo kuti ibereke. Yaikazi imodzi yobisala m'dothi la maluwa a m'chitini ndi yokwana kuyambitsa mudzi. Imadya mizu ya mbewu zanthete, ndipo imanyamula nyongolotsi imene imalowa m'maso mwa nkhuku zikaidya.

N'chifukwa chake maiko ena salekerera. Ku Florida saloleza munthu kuitanitsa kapena kusunga Blaptica dubia mwachisawawa. Nkhani ya Florida ndi yofunika kuimvetsa. Mphemvu ya kumalo otentha ikathawa m'nyumba ku Britain, chisanu chimaipha isanaone chaka chatsopano. Ikathawa ku Florida, kumene kumatentha ndi kuchita chinyezi, imangoona ngati yafika kwawo. Nanga kuno kwathu, kumene ku Nsanje, ku Salima ndi ku Karonga chisanu chopha tizilombo sichidziwika? Chimene chili choseweretsa chosalakwa ku London chikhoza kukhala mliri ku Mangochi.

Phunziro limeneli tinalilipira kale. Namasupuni kwawo ndi ku South America, ndipo anafalikira m'maiko ambiri chifukwa anthu anakopeka ndi duwa lake lokongola. Lero ali mumtsinje wa Shire, kutsekereza asodzi ndi kusokoneza makina opangira magetsi. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Amene anayamba kunyamula duwalo sankafuna kulakwira munthu. Ankangofuna kukongoletsa dziwe la pakhomo.

Palinso za thanzi zimene ogulitsa sakonda kutchula. Zitosi ndi makungu ofundula a mphemvu zimadzutsa mphumu ndi ziwengo, makamaka kwa ana. Ena amene aweta kwa zaka amayamba kuyetsemula, kuyabwa m'maso ndi kubanika akangotsegula bokosi, mpaka kusiya kuweta. Mphemvu ya m'bokosi loyera siyenda m'chimbudzi ngati ya m'nyumba, koma kusamba m'manja ukaigwira ndi lamulo, ndipo bokosilo siliyenera kukhala m'chipinda chogona mwana.

Maganizo anga ndi awa. Kuweta mphemvu si misala, ndiponso si ufiti. Ndi sukulu yotsika mtengo yophunzitsa munthu kuyang'anitsitsa, kudikira ndi kulemba zimene waona. Koma sukuluyi ili ndi khomo limodzi lokha, ndilo dzina. Amene sangathe kunena motsimikiza chimene akusunga, kumene chinachokera, ngati chimakwera galasi, ngati chimauluka, ndi chimene chingachitike chikathawa, sayenera kuchisunga. Si mwini chiweto ameneyo, ndi mlonda wogona wa chinthu chimene sachidziwa.

Masiku ano achinyamata athu akuona zonsezi pa foni, pa YouTube ndi pa TikTok, ndipo tsiku lina wina adzafuna kuti m'bale wake wa ku Johannesburg amubweretsere kabokosi ka mphemvu zolira m'chikwama. Kwa ameneyo ndikuti: leka mwanawe. Zamoyo siziwoloka malire ngati sopo, zimafuna chilolezo cha boma, ndipo lamulolo lili ndi chifukwa. Ngati mtima wako wakondadi tizilomboti, yambira pakhomo. Pita kumunda kapena m'mphepete mwa nkhalango mvula ikagwa, tembenuza chipika chowola, fukula masamba pansi pa mtengo wa msuku. Upeza mphemvu zakutchire zimene sizinalowepo m'khitchini ya munthu, zina zopanda mapiko, zina zozungulira ngati kamba wamng'ono. Zijambule, lemba malo ndi tsiku, funsa aphunzitsi a sayansi, yerekeza ndi zimene akatswiri analemba. Ikathawa yotereyi, yabwerera kwawo, palibe chimene chaonongeka. Tizilombo ta m'nkhalango za ku Africa tambiri sitinalembedwebe m'mabuku, ndipo ntchito imeneyi ikudikira anthu a maso odekha.

Kwa enafe amene sitidzaweta mphemvu mpaka kalekale, patapata akhalebe pafupi, pakuti ya m'kabati ija ndi mdani ndithu ndipo siyenera chifundo. Tsekani ming'alu, vundikirani chakudya, musagoneke mbale zakuda. Koma mukakumana ndi ina kuthengo ikudzidyera masamba ake owola, ipatseni njira. Imeneyo ikulimira dothi lomwe mudzabzalepo chimanga.

Tikumanenso sabata yamawa.